Cursor ikuthawa pa fomu ya pa terminal

Tadala: Akuluakulu mwaswera bwanji. Funso langa likupita kwa odziwa C ndi Linux. Kusitolo ya amalume pa Kaguvi Street ku Harare timagulitsa masipeya a galimoto, ndipo ndikulemba kapulogalamu kolowetsera malonda. Kompyuta ya pakauntala ndi yakale, ili ndi Debian yopanda desktop, mdima ndi zilembo basi. Ndikufuna fomu ya mabokosi asanu: nambala ya sipeya, dzina la wogula, kuchuluka, mtengo, ndi mtundu wa ndalama, kaya USD kaya ZiG, ndalama ya Zimbabwe. Wolemba azidumpha ndi Tab, azibwerera m'mbuyo akaona kuti waphonya, osati kuyankha mafunso limodzilimodzi ngati pa scanf. Kujambula ndajambula, ndikatumiza `\033[5;20H` cursor ikupita pomwe ndikufuna. Koma ndikadina muvi wakumanzere pakutuluka `^[[D`, ndipo pulogalamu sikumva kanthu mpaka ndidine Enter. Chikuchitika n'chiyani?

Nambewe: Mabataniwo sakufika n'komwe kwa inu, achimwene. Pakati pa kiyibodi ndi pulogalamu pali gawo la kernel lomwe limagwira zonse mukulemba mpaka mzere uthe. Amati canonical mode. Ndi lomwelo limafufuta mukadina Backspace, ndi lomwelonso limabwezera zilembo pasikirini. `^[[D` mukuonayo ndi ma byte atatu amene muvi watumiza: 27, kenako `[`, kenako `D`. Itanani tcgetattr, sungani kope la zomwe mwapeza, zimitsani ICANON ndi ECHO mu c_lflag, VMIN ikhale 1, VTIME 0, mubweze ndi tcsetattr. Zikatero batani lililonse lizikufikani pompopompo. Koma mudziwiretu: ntchito yonse imene kernel imakugwirirani yasanduka yanu, kuonetsa chilembo, kufufuta, kusuntha cursor, zonse.

Chisomo: Koma abale, m'zaka zino munthu n'kumavutika ndi termios, zosintha makhalidwe a terminal zimenezi? Lembani tsamba la HTML, mabokosi asanu, browser ikuchitirani Tab, Backspace, chilichonse ulere. Madzulo ano lomwe mwamaliza.

Tadala: Browser pa kompyuta imeneyi ikatseguka wogula amakhala atapita kale sitolo yoyandikana, Kaguvi mukuidziwa. Komanso katundu wathu wambiri amakhala ku Msasa, dera lina la Harare, mnyamata wakumeneko amalowa ndi PuTTY, pulogalamu yolowera mu kompyuta yakutali kudzera pa SSH, pa netiweki ya foni. Zilembo zokhazokha sizidya bandulo.

Chisomo: Foni yakeyo ilibe browser?

Tadala: Ili nayo, koma munthu wa manja a girizi kulemba nambala ya sipeya pa kagalasi ka foni, mudzayese.

A Mwale: Musiyeni mnyamatayu, njira wasankhayi si yachilendo. Ife m'ma 1990 tinkalemba mafomu otere ndi Clipper, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa DOS. Umangoti `@ 5,20 SAY "Dzina" GET cDzina`, mizere ingapo yotero, pamapeto `READ`, fomu yayamba kuyenda yokha. Anzathu a COBOL anali ndi SCREEN SECTION. Makina akuluakulu a IBM anali ndi terminal ya 3270, yomwe inkadziwa yokha kuti apa mpolemba, apa mposakhudza. Munthu ankadzaza sikirini yonse, Enter n'kutumiza zonse pakamodzi.

Chimene muli nacho inu mphwanga ndi mtundu wina, mbumba ya VT100 ya DEC ya 1978. Imeneyi sidziwa kuti kuli fomu. Imadziwa mizere 24, malo a zilembo 80 pamzere, ndi kumvera malamulo oyamba ndi ESC. Ndiye ndikuuzeni chinthu chimodzi musanalembe mzere wina: fomu yeniyeni ikhale mu memory, osati pasikirini. Bokosi lililonse likhale ndi mzere wake, poyambira pake, utali wake, mawu ali m'menemo, ndi nambala yonena kuti wolemba ali pa chilembo chachingati. Batani likabwera musinthe manambala amenewa, kenako mujambule kuchokera pa manambalawo, kenako muike cursor. Sikirini ili ngati bolodi la mitengo pa msika wa Mbare Musika, aliyense akhoza kulifufuta ndi chigongono. Zoona zake zimakhala m'kope la mwini katundu. Tsiku limene mudzayambe kuganiza kuti "cursor ndinaisiya apa, ndiye ndingoibweza kamodzi kumanzere", mwagwa.

Tadala: Zikomo bambo Mwale, zikomo asisi. Termios yagwira, mabatani akufika. Tsopano ndikawerenga 27 ndikuwerenganso ma byte awiri. Mivi ikuyenda. Koma ndimafuna Esc azitanthauza kusiya fomu, ndipo ndikamudina yekha pulogalamu ikungoima kudikira.

Nambewe: Ikudikira ma byte awiri amene sabwera. Vuto limeneli ndi lakale ngati terminal yomwe: Esc yekha ndi 27, chiyambi cha muvi ndi 27 yemweyo. Chowasiyanitsa ndi nthawi basi. Mukalandira 27, dikirani pang'ono ndi poll kapena select. Kukabwera china ndi muvi, kukakhala zii ndi Esc. ncurses, library yojambulira pa terminal, imachita zomwezo, ndipo ikapanda kuuzidwa imadikira 1000 ms, n'chifukwa chake mapulogalamu ena amaoneka aulesi pa Esc. Imachepetsedwa ndi set_escdelay kapena ESCDELAY.

Ndipo "ma byte awiri" amenewo musawakhulupirire. Delete ndi `ESC [ 3 ~`. Shift ndi Tab pa xterm, terminal ya pa desktop, ndi `ESC [ Z`. Home pa console ya Linux ndi `ESC [ 1 ~`, pa xterm ndi `ESC [ H` kapena `ESC O H`. F1 pakauntala panupo atumiza `ESC [ [ A`, pa xterm `ESC O P`. Muvi womwewo umasintha kukhala `ESC O D` terminal ikaikidwa mu application mode. Inu muli ndi ma terminal awiri osiyana kale, wa pa Kaguvi ndi wa ku Msasa.

A Mwale: Ine Esc ndikanamusiya. Mukafupikitsa nthawi yodikira kwambiri, tsiku lina netiweki ya foni idzagawa muvi pakati, 27 afike yekha, pulogalamu iganize kuti munthu wasiya, oda ya zinthu khumi ndi ziwiri ifufutike, `[D` alowe m'bokosi la dzina. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika wogula ali pakauntala. Kusiya fomu kupatseni F-key, ndipo pulogalamu ifunse kaye.

Nambewe: Pamenepo bambo tisiyana pang'ono. Anthu anazolowera Esc, amudinabe. Ndi bwino agwire ntchito koma azingofunsa "musiye? y/n", asafufute kanthu yekha.

A Mwale: Akamafunsa, ndilibe mlandu naye.

Limbani: Pepani kulowerera, ndine wa chaka choyamba. Kusukulu tikugwiritsa gotoxy ndi getch za conio.h. Sizingathandize apa?

Nambewe: conio.h ndi ya DOS, ya nthawi ya Turbo C, pa Linux kulibe. Ndipo samalani pokopera manambala uku ndi uku. gotoxy imayamba ndi x kenako y, kuwerenga kuyambira 1. `ESC [ mzere, malo H` imayamba ndi mzere, kuyambiranso 1. move ya curses imayamba ndi mzere koma kuwerenga kuyambira 0. Mabokosi ambiri okhota anabadwira pamenepa. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11, malamulo a ESC amagwira, bola muyatse ENABLE_VIRTUAL_TERMINAL_PROCESSING ndi SetConsoleMode.

Tadala: China chabwera. Ndadina Ctrl ndi C pakati pa fomu, pulogalamu yatuluka, koma tsopano ndikulemba pa shell osaona chilichonse.

Yamikani: Mwalandiridwa m'gulu la anamkungwi kkkk. Lembani `reset` mwakhungu mudine Enter. Kapena `stty sane`. Enter akakana dinani Ctrl ndi J.

Nambewe: ECHO munazimitsa uja sanayatsidwenso. Terminal si ya pulogalamu yanu, mwabwereka, ndipo shell iipeza momwe mwaisiyira. Kope la termios munasunga lija libwezeretsedwe panjira iliyonse yotulukira. atexit yokha sikwana, chifukwa SIGINT ikapha pulogalamu atexit siitanidwa. Gwirani SIGINT, SIGTERM ndi SIGHUP. Yomalizayi ndi imene imabwera SSH ikaduka. Mu handler musachitemo zambiri, ingokwezani flag, loop yaikulu iione ituluke bwinobwino. Ngati munabisa cursor ndi `ESC [ ? 25 l`, mubweze ndi `h` pamapeto, ndipo `ESC [ 0 m` achotse mitundu.

Pali batani linanso loti muliganizire. Munthu amene anaphunzira kompyuta pa Word adzadina Ctrl ndi S kuti asunge. Pa terminal batani limenelo limaimitsa zotuluka zonse, sikirini imauma gwa, mpaka wina adine Ctrl ndi Q. Amalume anu adzati kompyuta yafa, n'kuzula chingwe kukhoma. Zimitsani IXON mu c_iflag.

Chisomo: Mwaona? Mabokosi asanu okha, mndandanda wa misampha wafika kale pati? Ndipo sitinakambe zosintha kukula kwa windo.

A Mwale: Apa Chisomo akunena zoona, kungoti mankhwala ake si browser. Misampha imeneyi anthu anaitchera kale mpanda. Ku Berkeley, Bill Joy polemba vi anasonkhanitsa makhalidwe a ma terminal osiyanasiyana mu termcap, Ken Arnold n'kupanga curses pamwamba pake, yomwe masewera a Rogue anagwiritsa ntchito. Kenako kunabwera terminfo, ndipo ncurses ya mu Debian yanuyo, yomwe Thomas Dickey wakhala akuisamala kuyambira m'ma 1990, imawerenga TERM, dzina la mtundu wa terminal, n'kudziwa yokha kuti F1 wa console ndi F1 wa xterm ndi batani limodzi. Inu mumangolandira KEY_LEFT, KEY_HOME, KEY_DC. Kulemba nokha kunali kwabwino kuti muone zamkati. Za kusitolo lembani ndi ncurses.

Tadala: Ndimaopa kuti ikhala yolemera pa netiweki ya ku Msasa.

Nambewe: Ndi yopepuka kuposa zomwe mwalembazo. Ndikukayika ngati simukutumiza `ESC [ 2 J` ndi kujambula fomu yonse pa batani lililonse.

Tadala: Ndi momwemo, ndipo ku Msasa akuti ikuphethira.

Nambewe: ncurses imasunga zithunzi ziwiri mu memory, chomwe chili pasikirini ndi chomwe mukufuna. refresh imafananitsa n'kutumiza kusiyana kokha. Mukalemba chilembo chimodzi, pa waya pamadutsa ma byte owerengeka. Ndi nzeru ya a Mwale yomwe ija, kungoti ina inalembedwa kale. Chenjezo: pojambulanso gwiritsani erase, osati clear. clear imakakamiza refresh yotsatira kujambula sikirini yonse, kuphethira kuja n'kubwereranso.

Ndipo pali library ya mafomu yobwera nayo limodzi, form.h. new_field kupanga bokosi, set_field_back ndi A_UNDERLINE kuti lioneke, new_form, post_form, kenako batani lililonse mumalimasulira n'kupereka kwa form_driver: Tab akhale REQ_NEXT_FIELD, KEY_BTAB akhale REQ_PREV_FIELD, muvi REQ_LEFT_CHAR, Backspace REQ_DEL_PREV. Pa Backspace gwirani zitatu, KEY_BACKSPACE, 127 ndi 8, chifukwa PuTTY imatha kuikidwa kutumiza 127 kapena 8. Musaiwale keypad pa stdscr, apo ayi mivi ibweranso ngati ma byte.

Limbani: Pa Python ziliko?

Nambewe: curses ilipo, form palibe. Pali curses.textpad ya bokosi limodzi, enawo mumalumikiza nokha. Yambani ndi curses.wrapper, imabwezeretsa terminal ngakhale pulogalamu igwe. Ndipo addstr ikalemba pa ngodya yomaliza ya pansi kumanja imaponya error, poti cursor ilibe kopita, musadabwe nazo.

Tadala: Ndasamutsira ku form.h. Yafupika kwambiri. Koma pali zodabwitsa zitatu. Ndikasunga, bokosi lomwe ndinali kulembamo likubwera lopanda kanthu. Ena onse akubwera ndi mipata yambirimbiri kumapeto. Chachitatu, ndikalemba uthenga pansi wakuti "sipeya iyi yatha", cursor ikutsalira pa uthengawo ngakhale zilembo zikulowabe m'bokosi loyenera.

Nambewe: Zitatu zonsezi aliyense amakumana nazo. Zomwe mukulemba zimakhala pa windo la bokosilo, zimakopedwa kupita mu buffer pokhapokha mukachokamo. Musanaitane field_buffer tumizani REQ_VALIDATION, ndipo muone zomwe yabweza. Ikapanda kukhala E_OK musasunge. Mipata ija ndi dala, buffer imadzazidwa mpaka utali wa bokosi, dulani nokha. Cursor mubwezeni ndi pos_form_cursor mukatha kulemba uthenga, musanaitane refresh.

Ziwiri zina zomwe simunazione. O_NULLOK imabwera yoyaka, ndiye bokosi la mtengo lopanda kanthu limadutsa osafufuzidwa ngakhale mwaika TYPE_NUMERIC. O_PASSOK nayonso imalola bokosi lomwe silinakhudzidwe kudutsa. Pa mtengo ndi kuchuluka zimitsani zonse ziwiri. O_AUTOSKIP imadumphira bokosi lotsatira ili likadzaza. Ine ndimaizimitsa, chifukwa wolemba mwachangu amadinanso Tab mwachizolowezi n'kudumpha mabokosi awiri.

A Mwale: Bokosi la mtengo mwalipatsa malo angati?

Tadala: Asanu ndi atatu. Sipeya yodula kwambiri kwathu sifika 5,000 USD.

A Mwale: Inu munali ana mu 2008. Mafomu athu anali ndi PICTURE ya "999,999.99", ndipo Clipper nambala ikaposa malo imangoonetsa nyenyezi. Masitolo ambiri m'tauni muno anadzuka ndi nyenyezi pasikirini ndi pamalisiti. Maziro atatu anachotsedwa pa dola ya Zimbabwe mu 2006, khumi mu August 2008, khumi ndi awiri mu February 2009, pepala la 100 trillion litatuluka kale. Nthawi iliyonse wolemba mapulogalamu sankagona kunyumba. Kuchokera apo tadutsa ma bond note a 2016, RTGS ya 2019, ZiG ya April 2024. Ndiye m'dziko lino bokosi la mtengo lisakhale lothina. Zimitsani O_STATIC kuti lizitha kukula mawu n'kumasendera kumanzere, malire muike ndi set_max_field. Mayina a ndalama asakhale mkati mwa code, akhale mu fayilo, muwawerenge poyamba n'kupereka kwa TYPE_ENUM. Ndalama musunge ngati masenti mu nambala ya 64 bit, float ayi. Ndipo pa malonda aliwonse mulembe reti ya tsikulo pambali, chifukwa pakatha miyezi itatu palibe adzaikumbuke.

Yamikani: Amdala akumbuka nkhondo kkkk. Koma za reti n'zoona, kwathu mkangano wa ma refund umayambira pomwepo.

Tadala: Ndazilemba zonse bambo. Nachi china. Tili ndi makasitomala otumiza masipeya kumudzi pa basi za ku Roadport, ndiye poyesa ndinamata "Malaŵi" m'bokosi la dzina kudzera pa PuTTY. Patuluka zinyalala pamalo pa ŵ. Mu pulogalamu yoyamba ija chilembocho chimaoneka, koma cursor imakhala patsogolo ndi malo amodzi, ndipo Backspace imasiya kachidutswa.

Nambewe: Mu UTF-8 chilembo chimenecho ndi ma byte awiri, C5 ndi B5, koma pasikirini chimatenga malo amodzi. strlen imawerenga ma byte, ndiye pa "Malaŵi" ikupatsani 7 pomwe malo ndi 6. Backspace yanu imachotsa byte imodzi n'kusiya theka. Pali manambala atatu osiyana oti muziwasiyanitsa: ma byte, zilembo, ndi malo a pasikirini. Cursor imayendera lachitatulo, ndipo limapezeka ndi wcwidth. Chilembo chomwecho chikhoza kubweranso ngati w wamba wotsatidwa ndi kachipewa kapadera, U+0302, komwe m'lifupi mwake ndi 0. Emoji zambiri zimatenga malo 2.

Pa ncurses: setlocale ya LC_ALL ndi mawu opanda kanthu musanaitane initscr, link ndi `-lformw -lncursesw`, werengani ndi get_wch, perekani kwa form_driver_w. Onaninso kuti `locale` ikuonetsa UTF-8 ndipo PuTTY pa Translation yaikidwa UTF-8.

Tadala: Pa PuTTY yakhala bwino. Pakauntala pakuoneka kabokosi m'malo mwa chilembo.

Nambewe: Imeneyo ndi font ya console, pulogalamu ilibe mlandu. `dpkg-reconfigure console-setup`, pa character set sankhani Latin3 and Latin8. Muona kuti pamndandanda wa zilankhulo zake Chichewa chalembedwa, limodzi ndi Welsh yomwe ilinso ndi chilembo chomwecho. Mu fayilo ya /etc/default/console-setup ndi CODESET ya Lat38.

Chisomo: Chabwino, ndavomera kuti izi zikhoza kuyenda. Koma funso langa la windo silinayankhidwe. Wa ku Msasa akakoka ngodya ya PuTTY?

Nambewe: Kernel imatumiza SIGWINCH, ncurses imaisandutsa KEY_RESIZE pa get_wch. Mukailandira funsani getmaxyx, jambulaninso. Fomu ya mabokosi asanu ingokwana mu 80 ndi 24 basi. Windo likachepera apo lembani "kulitsani windo" mudikire. Musavutike kupanga mabokosi osuntha okha.

A Mwale: Ine nkhawa yanga ili pa Enter. Mphwanga, Enter pa fomu yanu akuchita chiyani?

Tadala: Akusunga malonda.

A Mwale: Muli ndi scanner ya barcode, kapena mudzagula?

Tadala: Amalume akuti agula mwezi wamawa, mafiluta ndi mapulagi ambiri amabwera ndi barcode.

A Mwale: Scanner ya USB kompyuta imaiona ngati kiyibodi. Imalemba manambala mothamanga, ndipo zambiri zimabwera zitaikidwa kutumiza Enter pamapeto. Pa fomu yanu mukangowalitsa pa katoni, malonda asungidwa opanda dzina, opanda mtengo, kapena pulogalamu ikana n'kumalira. Enter azipita ku bokosi lotsatira ngati Tab, monga zinalili pa READ ya Clipper. Kusunga kukhale F10, kapena Enter wa pa bokosi lomaliza pokhapokha atafunsa. Izi zimathandizanso wolemba: dzanja lamanja limakhala pa manambala a kumbali, Enter ali pomwepo, lamanzere lagwira sipeya. Ndi chimene mafomu otere amapambanira mbewa ya kompyuta pakauntala. Bokosi la nambala ya sipeya likangodzazidwa, pulogalamu ifufuze mtengo iike yokha, wolemba angodutsapo ndi Enter ngati sakusintha. Pamenepo set_field_buffer ndi imene mugwiritse.

Nambewe: Ndipo Enter angafike ngati 10, ngati 13, kapena KEY_ENTER wa kumbali ya manambala. Gwirani onse atatu. Scanner ikawalitsidwa cursor ili m'bokosi la kuchuluka, manambala 13 a barcode alowa mmenemo, ndiye TYPE_INTEGER ikhale ndi malire, tinene 1 mpaka 999, ikane.

Yamikani: Nanga magetsi akazima ku Msasa oda ili pakati? Kapena netiweki ikagwa?

Nambewe: Ngati seva ya pa Kaguvi ikadali yoyaka, tmux, yomwe imasunga pulogalamu ikuyendabe ngakhale wolowayo waduka. Akalowa ndi SSH agwere mu `tmux new -A -s msasa`, pulogalamu iziyenda mkati mwake. Waya ukaduka fomu imatsala momwe inalili, akalowanso aipeza cursor ili pomwe anaisiya. Mkati mwa tmux TERM imakhala screen kapena tmux-256color, musaikakamize kukhala xterm mu .bashrc, mabatani ena angasokonekere. Seva yomwe ikazima tmux singathandize, apo ndi UPS, ndiponso mzere uliwonse wa oda uzilembedwa pa disk ukangotsimikizidwa, osadikira mapeto. SQLite ikwanira.

Limbani: Asisi, dialog ndi whiptail sizikanachita zonsezi popanda C?

Nambewe: Pa script yofunsa mafunso atatu kamodzi patsiku, eya, dialog ili ndi `--form`. Koma siingakufufuzireni mtengo munthu ali pakati polemba, ndipo windo lililonse lofunsa ndi pulogalamu yatsopano yoyamba n'kutha. Pakauntala yogulitsa tsiku lonse ayi.

Tadala: Nazi zomwe zilipo tsopano. Enter ndi Tab akupita patsogolo, Shift ndi Tab kubwerera, F10 kusunga, Esc akufunsa kaye. Mtengo ndi kuchuluka sizikulola kudutsa zopanda kanthu, ndalama zikuchokera mu fayilo. Ku Msasa akuti kuphethira kwatha. Chatsala chimodzi: ndikadina Backspace bokosi lili lopanda kanthu, cursor ikulumphira bokosi la m'mbuyo, ndipo munthu akaumiriza chala akuyamba kudya dzina la wogula.

Nambewe: O_BS_OVERLOAD. Imeneyo ndi ya fomu yonse, osati ya bokosi, ndiye ndi form_opts_off, osati field_opts_off. Ndipo Shift ndi Tab muyesenso pakauntala penipenipo, osati pa PuTTY pokha, console ya Linux siitumiza mofanana ndi xterm. Ikakana, muvi wokwera ukhalenso REQ_PREV_FIELD.

Tadala: Pakauntala yakanadi. Ndaika muvi wokwera, wotsika ndaupatsa REQ_NEXT_FIELD. Scanner ikafika ndidzayesa ndi katoni ya mafiluta ndikuuzeni.